Botolo la Kjeldahl Siliyeza Mapuloteni

Takulandiraninso, owonera athu. Botolo lagalasi lomwe mukuliona patebulo pangali, lobulungira kumunsi komanso lakhosi lalitali, limadziwika ndi dzina la Johan Kjeldahl, katswiri wa ku Denmark amene anafalitsa njira yake yoyezera nayitirojeni mu 1883, akugwira ntchito ku labotale ya Carlsberg mumzinda wa Copenhagen, komwe ankafufuza za mbewu zofululira mowa. Njirayi isanabwere, Jean-Baptiste Dumas wa ku France ankawotcha chinthu chofuna kuyezedwacho pamodzi ndi copper oxide, n'kusonkhanitsa mpweya wotulukawo m'chubu chamizere, pamene potassium hydroxide ankameza carbon dioxide kuti mutsale nayitirojeni yekha.

Njira ya Kjeldahl imayenda motere. Choyamba, mumawiritsa chinthucho mu sulfuric acid wamphamvu mpaka madzi ake, omwe poyamba amada bii, atayera, ndipo khosi lalitalilo analipangira kuti asidi akamabwata asathawire kunja. Chachiwiri, mumathiramo sodium hydroxide kuti amoniya, mpweya womwe umanyamula nayitirojeni wa m'chinthucho, atuluke ndi nthunzi. Chachitatu, mumakola amoniyayo mu asidi wina n'kumuyeza dontho ndi dontho.

Ngati simunalembetse ku tchanelo chino, dinani batani lili m'munsimu tisanapitirire.

Tsopano tifike pa bodza lomwe limanditopetsa. Anthu ambiri, ngakhale ena ophunzira bwino, amanena kuti chipangizochi chimayeza mapuloteni m'chakudya. Ayi ndithu! Chimene chimayezedwa ndi nayitirojeni basi, kenako woyezayo amachulukitsa nambala yomwe wapeza ndi 6.25, poganizira kuti m'mapuloteni ambiri magawo 16 pa 100 alionse amakhala nayitirojeni. Ngakhale nambala imeneyi sikhala yofanana paliponse, chifukwa pa mkaka amagwiritsa ntchito 6.38 pomwe pa tirigu ndi 5.7. Botololi silifunsa komwe nayitirojeniyo wachokera, ndipo akathyali anatulukira zimenezi. Mu 2008 ku China, anthu ena ankasungunula mkaka ndi madzi n'kuthiramo melamine, mankhwala amene magawo pafupifupi 66 pa 100 alionse ndi nayitirojeni, kuti poyezedwa uzioneka ngati uli ndi mapuloteni okwanira. Makanda pafupifupi 300,000 anadwala, ambiri a iwo matenda a impso, ndipo 6 anamwalira. Amene mukufuna kulemba m'munsimu kuti njira ya Dumas ikanagwira chinyengochi, musavutike, chifukwa nayonso imawerenga nayitirojeni yemweyo.

Mu vidiyo yotsatira tidzaona chubu chomwe Hugo Schiff anakonza chosonkhanitsira mpweya wa nayitirojeni, ndipo ndidzakuonetsani mmene amawerengera mizere yake.