Tayala Likadyeka Mbali Imodzi, Alipire Ndani?

Zikomo a wapampando, amayi ndi abambo, makamaka inu madalaivala a mataxi ndi maminibasi amene mwaimika ntchito kuti mukhale nafe. Funso lomwe mwandipatsa ndi ili: munthu wagula galimoto yatsopano, idakali pa warranty (lonjezo la opanga galimoto lokonza ulere zolakwika zochokera kufakitale), chaka sichinathe koma matayala akutsogolo adyeka mbali imodzi. Alipire ndani?

Ndiyambe ndi zomwe ambiri sakonda kumva. Warranty ya galimoto, imene kumakampani ambiri imakhala ya zaka 3 kapena makilomita 100,000, kawirikawiri sikhudza matayala. Opanga galimoto sapanga matayala, amachita kugula kwa a Bridgestone, Dunlop, Michelin ndi ena. Ndiye tayala amaliwerengera pamodzi ndi mawaipa ndi ma brake pad, zinthu zomwe zimatha chifukwa chogwira ntchito. Opanga tayala nawonso amavomera mlandu pokhapokha ngati linalakwika popangidwa. Mukagunda dzenje pa M1, kapena mukaponda msomali, imeneyo ndi yanu.

Musataye mtima msanga, chifukwa tayala limaulula lokha chomwe chalidya. Likadyeka m'mphepete monse muwiri pakati patatsala mano, mumayenda ndi mphepo yochepa. Likadyeka pakati pokha, mumapopa mopitirira. Apa simungaloze munthu chala. Mlingo wa mphepo unalembedwa pakapepala komata pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo muyeze m'mawa matayala asanatenthe. Kumenya tayala ndi phazi n'kunena kuti lili bwino si kuyeza, abale anga.

Likadyeka mbali imodzi yokha, yam'kati kapena yakunja, kapena mukalisisita ndi dzanja n'kumva mano akuthwa ngati a sowo, vuto ndi alignment: matayala sakuyang'ana komwe ayenera kuyang'ana. Likadyeka modumphadumpha, pena pozama pena posazama, kayikirani ma shock kapena balancing, kutanthauza kulinganiza kulemera kwa tayala kuti lisamanjenjemere pozungulira. Mlandu umavuta pamenepa, pakuti alignment imasokonekera m'njira ziwiri. Imasokonekera ndi maenje, mahampu owoloka mothamanga, ndi kusenzetsa kagalimoto ka anthu asanu matumba khumi a chimanga. Imathanso kusokonekera chifukwa galimoto inachoka kufakitale isanachunidwe bwino, kapena chitsulo monga tie rod end, ball joint kapena bushi chafa nthawi isanakwane. Zitsulo zimenezi zikakhala zolakwika, warranty imayenera kuzikonza, ndipo muli ndi poyambira kupempha kuti aganizirenso za tayala lomwe zawononga.

Nanga mutsimikiza bwanji kuti si dzenje? Nthawi ndi mapepala. Galimoto ikamakokera mbali imodzi, kapena chiwongolero chikakhala chopendekera mukuyenda mowongoka, pitani sabata yomweyo. Makampani ena amakonza alignment ulere m'miyezi yoyambirira yokha, choncho werengani kabuku kanu ka warranty. Mukafika musangodandaula pakamwa. Auzeni alembe dandaulolo pa job card, pepala lomwe galaja imalembapo ntchito ya galimoto yanu, pamodzi ndi tsiku ndi makilomita, akupatseni kope. Akayeza alignment pa makina, tengani pepala la zotsatira. Munthu amene wabwera pa makilomita 3,000 ali ndi pepala m'manja amamveka. Wobwera pa 30,000 tayala litaonetsa mawaya amangouzidwa kuti pepani bambo, misewu yathu mukuidziwa.

Inunso muli ndi mbali yanu. Sevisi ichitike pa nthawi yake, pagalaja yomwe kabuku kakuvomereza, ndipo adinde. Matayala azisinthanitsidwa malo, akutsogolo kupita kumbuyo, pafupifupi makilomita 10,000 aliwonse, n'kulembedwa pa lisiti. Mukasintha malimu n'kuika akuluakulu okongola aja, kapena mukakweza galimoto kwa makaniko wa pansi pa mtengo, mwawapatsa ogulitsa chifukwa chokanira. Zimandiwawa kuona munthu ali ndi mlandu wabwino koma wautaya chifukwa lisiti anakulungira mandasi. Ogulitsa akakana popanda chifukwa chomveka, pemphani kukana kwawoko pa kalata, mupite nako ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma lomwe limamva madandaulo a ogula.

Ndikuona ena mukugwedeza mutu kuti zathu ndi za ku Japan, zolowera pa Dar es Salaam. Zoona, zambiri mwa zimenezi zilibe warranty, kapena ili ndi malire ochepa kwambiri, ndiye udindo wonse uli pa inu. Ikangofika, kayezetseni alignment. Yang'ananinso matayala omwe yabwera nawo. Ena amalembedwa kuti studless: anapangidwira chipale chofewa, mphira wake ndi wofewa, ndipo pa phula lotentha la ku Chikwawa sachedwa kutha mano. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi omalizira pa chilembo cha DOT. Akakhala 2319, linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Izi muziziona ngakhale pogula matayala a kaunjika, chifukwa lakale limang'aluka mano akadalipo. M'mizere ya tayala mulinso timizere topingasa totalika mamilimita 1.6. Mano akafanana nato, ngakhale mbali imodzi yokha, lichotseni, musadikire a COF, oyeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, kapena apolisi apamsewu kuti akuuzeni.