Msemphano ndi Kunyogodola: Si Nthabwala Chabe

Takulandirani! Mwachidule: msemphano ndi kunena china pamene ukutanthauza chosemphana nacho. Kunyogodola ndi kuseka khalidwe loipa poyera kuti mwini wake achite manyazi. Basi, tipitirire, tione momwe mungazilembere.

Choyamba, sankhani chandamale: khalidwe la wamphamvu, monga katangale kapena dyera. Mukaseka wosauka kapena wolumala, mwangochita chipongwe.

Chachiwiri, bwerekani pakamwa pa amene mukumudzudzula. Mu 1729, ku Ireland, Jonathan Swift analemba A Modest Proposal ngati katswiri wa zachuma wodekha, akuwerengera phindu loti amphawi azigulitsa makanda a chaka chimodzi kuti olemera azidya. Sakalipa paliponse. Kudekha kwakeko n'kumene kumanyansa, ndipo wowerenga amakwiyira yekha eni minda amene ankafinya anthuwo.

Chachitatu, kokomezani chinthu chimodzi chokha, chikhale chizindikiro. Mukapanda kutero, anthu aziyesa mukunenadi zoona.

Ngati mukupindula, dinani subscribe, chifukwa tafika pa bodza limene limandipweteka mtima: lakuti zonsezi n'zoseketsa basi, sizigwedeza munthu. Ayi ndithu! Ganizirani mayi pamtondo. Akusinja, akuimba za mwamuna wina waulesi amene amathera ndalama kumowa. Dzina satchula, koma mudzi wonse ukumva, mwamunayo akumvanso. Kuti akadandaule kwa ankhoswe, ayambe wavomera kuti waulesiyo ndi iye. Mwaona msamphawo? Mphamvu yake yagona pamenepo: wolakwa amadziulula yekha akangokwiya.

Nanga nthawi ya Kamuzu Banda? Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anatulutsa ndakatulo za Of Chameleons and Gods mu 1981, zodzaza ndi mawu okuluwika. Bukulo linachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo. Mu 1987 anamangidwa, nakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Boma silisunga munthu zaka zoposa zitatu chifukwa cha nthabwala wamba. Inu amene mumalemba, dziwaninso kuti kuphiphiritsa si chishango. Olamula nawonso amadziwa kumasulira.

Chachinayi, musafotokoze tanthauzo kumapeto, mumapha nkhani.

Lembani m'makomenti nyimbo yapamtondo ya kwanu imene inachititsa munthu manyazi. Tidzaisanthula mu vidiyo yotsatira.