Amaleki amadikira otsalira m'mbuyo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kuno ku Chibavi kwacha ndi chifunga, a kabaza akupalasa atavala majekete awiriawiri. Titsegule Deuteronomo 25:17-18.

Mose akukumbutsa Aisraele zimene Amaleki anawachita atatuluka ku Iguputo. Sanalimbane ndi amuna amphamvu amene anali kutsogolo ayi. Anazembera kumbuyo n'kumakantha ofooka, otsalira pa ulendo, pa nthawi imene khamu lonse linali litalema.

Wochepa mphamvu amamenya nkhondo chonchi mpaka lero, ndipo chitsanzo tili nacho pafupi pompa. Frelimo, gulu lomenyera ufulu wa dzikolo, itayamba nkhondo ku Mozambique pa 25 September 1964, Apwitikizi anali ndi ndege, magalimoto ankhondo ndi asilikali ophunzitsidwa bwino. Anyamata a Frelimo a m'tchire aja sanafune kukumana nawo maso ndi maso. Lero akwirira bomba mumsewu, mawa abisalira gulu lonyamula chakudya, mkuja asowa ngati alowa pansi. Mu 1970 mkulu wa asilikali a Apwitikizi Kaúlza de Arriaga anasonkhanitsa asilikali zikwizikwi kuti athane nawo kamodzin'kamodzi kumpoto, ku Cabo Delgado. Misasa anaigwetsadi, koma eni ake anamwazikana, moto n'kukabukira ku Tete. Chuma cha Portugal chinkangothera ku nkhondo zitatu, ya Angola, ya Guinea ndi ya Mozambique, azimayi akulandira mauthenga a maliro chaka ndi chaka. Pa 25 April 1974 asilikali otopa aja anagwetsa boma lawo lomwe ku Lisbon, ndipo mu June 1975 Mozambique inalandira ufulu. Palibe nkhondo imodzi yaikulu imene Apwitikizi anagonja. Anangotheratu mphamvu.

Ine chimene ndimaopa pa moyo wa Mkhristu n'chimenechi. Chiyeso chachikulu timachionera patali, timasala kudya, timadziwitsa abusa. Koma ngongole ya banki m'khonde sabata ndi sabata, mwana wodwaladwala, mawu olasa a pakhomo m'mawa uliwonse, izi zimadya munthu ngati chiswe. Samsoni anapha mkango ndi manja, koma anagwa ndi kuumiriza kwa Delila kwa tsiku ndi tsiku (Oweruza 16:16). Pemphero limayamba kufupika, kenako ku mlaga wasiya, kenako wakhala benchi yakumbuyo, ndipo ife akutsogolo tili kalikiliki ndi kwaya, sitinaone n'komwe.

Pa nkhondo ya Amaleki ku Refidimu, ngakhale Mose manja analema. Aroni ndi Huri sanamulalikire. Anamupezera mwala wokhalapo, wina n'kugwira dzanja ili, wina linalo, mpaka dzuwa kulowa (Eksodo 17:12).

Ndani mumpingo mwanu amene simunamuone masabata atatu? Muimbireni foni musanapite ku ntchito. Ine ndikaweruka ndidzera ku Zolozolo, kuli mayi wina amene mpando wake wakhala wopanda munthu kuyambira Pasaka.

Ambuye, tigwireni manja pamene talema, ndipo titembenuzeni makosi tione amene atsalira. Amen.