Namondwe si wa ku Nsanje kokha: mawu kwa akuluakulu a makoleji athu

Moni nonse! Tikujambulira kuno ku Kasungu, phiri lathu mukuliona kumbuyo kwangaku. Lero tikamba zomwe mkulu wa yunivesite kapena koleji ayenera kuchita ngozi ikagwa. Dinani Subscribe kaye, ndi kabelu komwe.

Choyamba, ophunzira awerengedwe. Chimphepo chikangodutsa, mkulu adziwe komwe aliyense ali, am'mahositelo ndi ochita lendi m'makomboni omwe. Chachiwiri, uthenga uzichokera ku ofesi imodzi, makolo asadalire mphekesera za pa WhatsApp. Izi mukuzidziwa, tisachedwepo.

Chachitatu ndiye chandiimika pano lero. Anthu ena, ngakhale ophunzira bwino, amati: "Namondwe ndi wa ku Nsanje ndi Chikwawa, kuno n'kumtunda." Abale anga, mawu amenewa amandipweteka mtima. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anasowa kwa nthawi yoposa chaka. Madziwo sanafike ku Kasungu, koma mdimawo sunatifike? Makompyuta anazima, mapampu a madzi anaima, ana athu ankawerengera mayeso ndi tochi ya pafoni.

Nanga namondwe Freddy, mu Malichi 2023? Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, boma linatseka sukulu m'maboma a kummwera. Ana a ku Santhe ndi ku Chamama omwe amaphunzira ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Thyolo anali komweko. Nawonso ochokera ku Mulanje ndi Phalombe omwe ali m'makoleji a kuno, makolo awo atataya nyumba ndi minda, fizi akanaitenga kuti? Mkulu wanzeru amamuitana mwana wotere, n'kumupatsa nthawi yolipira pang'onopang'ono, osamuthamangitsa m'chipinda cha mayeso. Chaona mnzako chapita. Ndipo mu 2024 boma linalengeza kuti ng'amba yabweretsa tsoka m'maboma 23 mwa 28. Kunonso, dzinja lililonse timamva za malata osasuka pa sukulu. Ngati mwaziona kwanuko, lembani mmunsimu dzina la dera lanu, ndiziwerenga ndekha.

Choncho jenereta, sola ndi mjigo zikhalepo mitambo isanade, ndipo mmisiri akwere padenga mu Okutobala, aone misomali ndi mitengo yodyedwa ndi chiswe.

Chachinayi, mapepala. Laibulale ya Mzuzu University inapsa mu Disembala 2015. Unali moto, inde, koma madzi amaononganso chimodzimodzi. Zotsatira za mayeso zisungidwenso kwina, pa intaneti.

Chachisanu, nambala za DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi za kwa DC zikhale m'foni ya mlonda yemwe.

Vidiyoyi itumizeni kwa mphunzitsi wa pa koleji yemwe mukumudziwa. Sabata yamawa tikwera padenga ndi mmisiri, atisonyeze mmene amamangira malata kuti chimphepo chisawanyamule.