Mwana wabadwa koma BP ndi shuga sizinachoke

Zikomo amayi, azibambo kumbuyoko musatuluke ayi, nkhaniyi ndi yanunso. Ine ndimagwira unamwino konkuno ku Johannesburg nde lero tikambe za mayi amene wachira kumene koma ali ndi BP, shuga kapena ali pa ma ARV.

Kwathu mayi akachira amakhala m'chikuta, apongozi akuphika phala achemwali akuchapa matewera, maso amakhala ambiri. Kuno ukabereka bwinobwino atha kukutulutsa pakangotha maola 6, ufike m'kachipinda ka lendi, bambo alawirira ku ntchito basi uli wekha ndi khanda. Chonsecho BP imakonda kukwera tsiku la 3 mpaka la 6 mwana atabadwa, ndipo itha kuvuta mpaka masabata 6. Mutu ukamawawa osasiya, m'maso kuchita zirezire, kupweteka pansi pa nthiti kumanjaku, nkhope kutupa, kupuma mobanika, musamwe Grand-Pa, mankhwala a mutu aja, nkugona, mayi ameneyo atha kugwa nkuyamba kuphupha. Makina akaonetsa 160 pa 110 imbani 112, nambala ya zadzidzidzi, pafoni pompo. Mankhwala a BP osasiya eti poti mwana wabadwa, anesi angakusinthireni ena ngati enalapril amene munthu amayamwitsa akumwa. Zakuleranso muwauze kuti muli ndi BP, mapilitsi ena aja sagwirizana nayo.

A shuga, thupi limasintha mukangobereka, insulin, jakisoni wa shuga uja, imafunika yochepa ndiponso kuyamwitsa kumatsitsa shuga, nde pafupi ndi pogona pazikhala kabuledi kaya nthochi, mukamva kunjenjemera ndi thukuta idyani kaye. Ngati shuga inabwera ndi mimba yokha kayezetseninso pa masabata 6, ambiri amazemba apa.

Ma ARV ndiye osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, mwana azimwa nevirapine wake, mankhwala omuteteza ku HIV, amamuyeza magazi atabadwa komanso pa masabata 10. Kubisa botolo kuopa anzanu a pa yadi ndikumvetsa, koma bisani pomwe inuyo simuiwala.

Tsono za mapepala, ndikudziwa ndi zimene zikukudyani mumtima. Mu April 2023 khoti lalikulu la kuno ku Gauteng linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 athandizidwe ulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lomwe achokera. Pakhomo pa kiliniki nthawi zina pamavutabe inde, nde osapita nokha, tengani mnzanu ndi khadi lanu lomwe, ngakhale buku la kuchipatala lomwe munabwera nalo kuchokera kumudzi, mabotolo a mankhwala onse m'jumbo. Mukhozanso kulembetsa MomConnect, yomwe imatumiza mauthenga a zaumoyo kwa amayi pafoni, pa *134*550#, ndi yaulere.

Amayi a mvano, sabata yoyamba ija gawanani masiku, wina akazonde m'mawa wina madzulo, ndipo musangonyamula mwana nkumuyamikira tsitsi, funsani mayiyo ngati wamwa mankhwala, ngati wadya, ngati akugona kapena akungolira. Amene ali ndi makina a BP kunyumba imikani dzanja tilembe mayina tisanabalalike.