Akadaulo a misewu akubwera, tikawaonetse pomwe ana athu amawolokera

Zikomo a Gulupu, anyakwawa nonse, a khansala athu, aphunzitsi akulu, amayi ndi abambo. Anyamata a kabaza mwaima kumbuyoko, senderani kuno pamthunzi, chifukwa nkhaniyi ndi yanu kuposa wina aliyense.

A khansala afotokoza kale kuti khonsolo yalemba ntchito kampani ya akadaulo kuti ikonze pulani yochepetsera ngozi m'misewu ya dera lino. Pobwera kuno ndamva ena akung'ung'udza kuti ndalama zimenezo bwanji osangogulira simenti n'kuika mahampu. Funso limenelo si lopusa ayi. Ine ndinagwira ntchito ya misewu zaka zambiri ndisanapume, ndipo malipoti okongola ongodya fumbi m'makabati ndinawaona ndi maso angawa. Koma ndinaonanso hampu yoikidwa mwaphuma pakona, popanda chikwangwani, ikugwetsa wa njinga yamoto usiku woyamba womwewo.

Choyamba mudziwe kuti anthu amenewa sabwera ndi phula kapena mafosholo. Abwera ndi makamera, matepi oyezera ndi kachipangizo koyezera liwiro konga ka apolisi apamsewu. Adzakhala pambali pa msewu n'kumawerenga: malole angati, maminibasi angati, njinga zingati, oyenda pansi angati, nthawi yanji. Adzapita kupolisi kukapempha mabuku a ngozi. Akatero adzalemba kuti malo oopsa ndi akuti, choopsa chake n'chakuti, pakufunika kumangidwa chakuti, pa mtengo wakuti, ndipo tiyambire pakuti. Womanga ndi kontrakitala, ameneyo amabwera pambuyo ndi tenda yakeyake. Mainjiniya a khonsolo alipo, koma ndi ochepa, ndipo omwewo ndi amene akuthamanga ndi milatho, midadada ya sukulu ndi misika. Komanso amene amapereka ndalama za misewu satulutsa khobidi kwa munthu wongonena pakamwa kuti pakwathu m'poopsa. Amafuna zojambula ndi mitengo yake.

Tsono apa mutchere khutu, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yanga. Mabuku a apolisi sanena zonse. Wa kabaza akagunda mwana, kawirikawiri timatani? Timakambirana pomwepo, wanjingayo apereka ya mankhwala, nkhani yatha. Kupolisi sikufika kanthu. Wina amavulala lero, n'kudzamwalirira kuchipatala patatha milungu iwiri, buku la ngozi likadali ndi mawu akuti anavulala. Lipoti la mu 2018 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linaonetsa kuti pamene mabuku athu ankanena kuti anthu opitirira pang'ono 1,000 anafa pa ngozi zapamsewu m'chaka chimodzi, bungwelo linayerekeza kuti enieni anaposa 5,000. Ndiye mlendo akangodalira mabuku, pamalo pomwe inu mumatsekapo maso mwana akamawoloka, iye adzalemba kuti palibe vuto.

Ndikuuzeni cholakwa changa chomwe. Ndili mnyamata pantchito, tinatumidwa kukajambula powolokera pasukulu ina ya pulayimale. Tinafika cha m'ma 10 koloko, ana ali m'kalasi, msewu uli zii. Tinaona pomwe pali geti, tinajambula mizere yoyera pomwepo, tinaika zikwangwani, tinabwerera ku ofesi tikudzitama. Patatha miyezi ingapo ndinadutsako m'mawa. Pa mizere yathu ija pankawoloka mbuzi. Ana onse ankawolokera kumunsi, pafupi ndi chigayo, pomwe njira ya kumudzi imatulukira, komanso pomwe amayi ankagulitsira zitumbuwa. Mukuseka, koma tsiku limenelo ine sindinaseke. Panali agogo ena pachigayopo amene anandifunsa kuti, "Mwana wanga, unafunsako ndani?" Ndinasowa choyankha. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma pofunika kumeta amamuonetsa ndi mwinimutu.

Akadaulowa akadzayamba kulankhula, mudzamva mawu akuti liwiro kambirimbiri, choncho ndikufuna mulimvetse. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi. Mamita 14 ndiye kuchokera pomwe ndaima pano kukafika pa mtengo wa mango uwo. Dalaivala waona mwana, asanaponde n'komwe buleki, galimoto yafika kale pamtengopo. Pa makilomita 30 pa ola imayenda mamita 8 okha, imaima msanga, ndipo ngakhale imugunde munthu, mwayi wokhala ndi moyo ndi waukulu kwambiri. N'chifukwa chake nduna za maiko ambiri zitakumana ku Stockholm, likulu la dziko la Sweden, mu 2020 zinagwirizana kuti pomwe anthu oyenda pansi amasakanikirana ndi magalimoto, liwiro lisamapitirire 30.

Ku Sweden komweko, mu 1997, nyumba ya malamulo inavomereza mfundo yotchedwa Vision Zero. Maganizo ake ndi akuti munthu ndi munthu, adzalakwitsa basi. Mwana adzathamangira mpira, dalaivala adzasinza, woledzera adzadzandira. Tsono msewu umangidwe moti kulakwitsako kusathere ku manda. Ife kuno pakachitika ngozi timangoti anali wosasamala, kapena inali nthawi yake, n'kukagula bokosi. Katswiri wabwino amafunsa zina: n'chifukwa chiyani mayiyu ankayenda paphula? Kodi m'mbalimo muli poyenda, kapena muli ngalande ndi mabenchi a tomato?

Mwina mukuti Sweden ndi kutali, ndi kwa anthu olemera. Chabwino, tibwere kwa anansi athu. Ku Dar es Salaam, bungwe lotchedwa Amend linayamba kupita kusukulu zomwe ana ankagundidwa kwambiri. Asanamange kalikonse ankayamba aona njira zomwe anawo amadzera, n'kufunsa aphunzitsi ndi makolo. Zomwe ankaika sizinali zodabwitsa: mahampu, tinjira ta oyenda pansi, tizipilala totchinga magalimoto, powolokera, zikwangwani, ndipo pena ankasintha pomwe pali geti la sukulu. Kafukufuku anapeza kuti kuvulala kwa ana m'sukulu zimenezo kunatsika ndi 26 pa 100 aliwonse, ndipo mu 2019 ntchitoyi inalandira mphotho yapadziko lonse. Panalibe mlatho wa m'mwamba ngakhale umodzi. Ndanena dala zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti ena mupempha mlatho wa m'mwamba. Ndi wodula, ndipo mayi wosenza dengu la chimanga, mwana kumbuyo, sakwera masitepe amenewo. Adzadutsa pansi pomwepo monga kale.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu. Si msewu uliwonse womwe uli m'manja mwa khonsolo. Misewu ikuluikulu monga M1 imayang'aniridwa ndi Roads Authority, ndipo ndalama zokonzera misewu zimasungidwa ndi Roads Fund Administration, zochokera pa msonkho wa mafuta ndi pa mageti olipirira monga a pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Ziphaso za madalaivala ndi za magalimoto ndi za ku Road Traffic. Khonsolo siingangodzuka n'kukaika hampu pamsewu waukulu popanda eni ake. Choncho pamalo aliwonse omwe alembedwe mu pulaniyi, funsani kuti msewu umenewu mwini wake ndani, ndipo wavomera kale kapena ayi. Mapulani ambiri amafera pamenepa, aliyense akuloza mnzake.

Komanso musaope kufunsa za pepala lomwe khonsolo inapatsa kampaniyi poilemba ntchito, lomwe amalitcha terms of reference. M'menemo ndi momwe mwalembedwa zomwe akuyenera kuchita, miyezi ingati, ndiponso ngati akuyenera kukumana ndi anthu. Si chinsinsi. Ndalama zake ndi zathu, ndipo lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza mauthenga m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. A khansala, ndikupempha pamaso pa mafumu pano kuti lipotilo lisanavomerezedwe, akadaulowo adzabwere pabwalo lino, adzalifotokoze m'Chichewa, ndi mapu aakulu oti agogo athe kuloza ndi ndodo. Ndipo a komiti ya chitukuko, a VDC ndi a ADC, ntchito yanu yeniyeni idzayamba alendowa akadzapita. Zomwe zalembedwa mu lipoti zikapanda kulowa mu bajeti ya khonsolo, ndiye kuti talipira ndalama kugula buku.

Bambo uko mwakweza dzanja. Mukuti mahampu amawononga galimoto? Hampu yomangidwa ngati mzere wa mbatata imawonongadi, ndipo imavutitsa ambulansi ndi amayi oyembekezera. Yomangidwa bwino imakhala yotakata, yokwera pang'onopang'ono, yopakidwa utoto, ndi chikwangwani patsogolo pake. Pa liwiro la 30 mumaidutsa osamva kanthu. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene tikulipirira akadaulo.

Anyamata a kabaza, musaganize kuti pulaniyi ndi yodzakuthamangitsani pa siteji. Palibe amene amadziwa msewu uno kuposa inu: dzenje lomwe mumalizemba, kona yomwe malole amakupanikizirani, pomwe pamakhala mdima wa ndiweyani magetsi a kumsika akazima. Mukakhala chete, siteji yanu adzaisamutsira komwe kulibe makasitomala, inu mudzabwerera pakale, ndipo tidzayambanso kuthamangitsana ndi apolisi. Kunenani komwe kungakhale kwabwino kwa inu ndi kwa okwera. Za zisoti ndi kukweza anthu atatu panjinga imodzi tidzakambirana tsiku lina, musaganize kuti ndaiwala.

Tisanabalalike, tichite izi. Aphunzitsi akulu avomera kuti ana a sitandade 6 mpaka 8 ajambule papepala njira yomwe amadzera pobwera kusukulu, n'kuika mtanda pomwe amaopa. Anyakwawa, mudzi uliwonse ukumbukire ngozi zomwe zinachitika zaka zitatu zapitazi, ngakhale zomwe sizinafike kupolisi: malo ake, nthawi yake, chomwe chinagunda. Maina a anthu asalembedwe, sitikuzenga mlandu wina aliyense. Ndipo tsiku lomwe akadaulo adzafike, tisakawalandirire mu ofesi ndi fanta 10 koloko. Tidzawatenge 6 koloko m'mawa, tsiku la msika, tidzayende nawo wapansi kuchokera pa mjigo mpaka pa geti la sukulu. Ndikufuna amayi anayi, a kabaza awiri ndi mmodzi woyenda pa njinga ya olumala. Mlembi ali apo ndi kope, amene mwadzipereka mukalembetse musanapite.