BSD kapena GPL: laisensi ya pulogalamu yanu ya kafukufuku

[Pa sikirini: tsamba la GitHub lopanda fayilo ya LICENSE]

Moni nonse. Mwalemba pulogalamu yosanthula zotsatira za kafukufuku wanu, mwaiika pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo khodi ya mapulogalamu, mtima wakhala pansi. Koma taonani apa, fayilo ya LICENSE, yonena zimene ena akuloledwa kuchita ndi pulogalamu yanu, palibe. Mnzanu wa ku yunivesite ina akhoza kuwerenga khodiyo, koma lamulo silimulola kuisintha kapena kuigawira ena, chifukwa umwini wonse ukadali m'manja mwanu.

Ndiye musankhe laisensi iti?

MIT, BSD ndi Apache 2.0 ndi gulu la malaisensi limene amati permissive. Uthenga wake ndi woti tengani, sinthani, gulitsani ngati mukufuna, bola musafufute dzina la mwini wake ndi mawu a laisensiyo. GPL, imene Richard Stallman anatulutsa mu 1989, ndi ya copyleft. Nayonso imalola zonsezi, koma mukasakaniza khodi ya GPL ndi yanu n'kugawira anthu, zonsezo zizituluka pansi pa GPL, khodi ili poyera. Mumvetse bwino pamenepa: lamuloli limagwira ntchito pokhapokha mukagawira ena. Ngati mukungogwiritsa ntchito mu labu mwanu, palibe amene angakukakamizeni kuulula chilichonse.

[Pa sikirini: mawu akuti FFTW]

Nkhani ya FFTW ndi imene inanditsegula maso. Matteo Frigo ndi Steven Johnson a ku yunivesite ya MIT ku America analemba pulogalamuyi, yowerengera Fourier transform, masamu amene amaphwanya phokoso kapena chizindikiro chilichonse kukhala mafunde ake. Ndi yaliwiro zedi, ndipo ili pansi pa GPL. Kampani yomwe sikufuna kuulula khodi yake imagula chilolezo chapadera ku MIT, ndipo n'chifukwa chake FFTW imapezeka mkati mwa MATLAB, pulogalamu ya masamu yogulitsidwa imene khodi yake siili poyera.

Tsono NumPy ndi SciPy, zida za masamu zimene asayansi ambiri ogwiritsa ntchito chinenero cha kompyuta cha Python amadalira tsiku ndi tsiku, zili pansi pa BSD. Sizingameze FFTW popanda kusiya BSD. Mu 2019 NumPy inatenga pocketfft ya Martin Reinecke, pulogalamu ina yowerengera Fourier transform imene ndi ya BSD, ndipo wofuna FFTW amaikamo yekha pambali pyFFTW, yolumikiza FFTW ndi Python.

[Pa sikirini: muvi wochoka pa BSD kulowera pa GPL]

Madziwa amayenda mbali imodzi. Khodi ya BSD imalowa mu pulogalamu ya GPL bwinobwino, koma ya GPL singalowe mu ya BSD n'kukhalabe BSD.

Ine maganizo anga ndi awa. Ngati mwalemba laibulale yoti ena amangirepo zawo, sankhani BSD kapena MIT, chifukwa wasayansi amafuna ntchito yake ifike patali, anthu aigwiritse ntchito ndi kuitchula m'mapepala awo. Koma sindinyoza GPL ngakhale pang'ono. R, pulogalamu yosanthulira ziwerengero, ili pansi pa GPL ndipo akatswiri a statistics sanaithawe. Ngati chikukupwetekani mtima n'choti kampani itenge thukuta lanu, ikonze, kenako itseke chitseko, GPL ndiye mlonda wanu. GROMACS, yoyerekezera kayendedwe ka mamolekyu, inasankha njira yapakati ya LGPL, imene imalola pulogalamu ina kuigwiritsa ntchito popanda kuulula khodi yake, koma mukasintha GROMACS yeniyeniyo n'kugawira ena, zosinthazo zizikhala poyera.

Chonde sankhani lero, mukadali nokha. Anthu 20 akadzaikamo khodi yawo, kusintha laisensi kudzafuna kuti aliyense wa iwo avomere, ndipo ena adzakhala atasamuka, imelo sakuyankha. Ndipo musanalembe fayiloyo, funsani ku ofesi ya yunivesite yanu, chifukwa malo ambiri umwini wa zimene mwalemba pantchito umakhala wa okulembani ntchito.